Pulogalamu yolimbitsa mtima achinyamata pasukulu: akonze ndani?

Mphunzitsi aliyense amene wakhalitsa pantchito amamudziwa mwana ameneyu. Chaka chatha anali wochangamuka, wosachedwa kukweza dzanja, woseka mpaka kuchita kumuletsa. Chaka chino wasamukira ku desiki yakumbuyo, homuweki salemba, ndipo ukamufunsa chavuta n'chiyani amangoti palibe. Ena amati ndi ulesi. Ena amati ndi chinyamata chabe, zidzatha zokha. Nthawi zina zimathadi. Nthawi zina mwanayo amasiya sukulu, amayamba mowa, kapena amachita chinthu chimene sichibwezeka.

Ana otere si ochepa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo, ndipo ambiri mwa iwo vutolo silidziwika n'komwe. Kudzipha kuli m'gulu la zinthu zimene zimapha kwambiri anthu a zaka 15 mpaka 29. Akatswiri ataphatikiza zotsatira za kafukufuku wa m'maiko ambiri mu 2021, anapeza kuti pafupifupi theka la anthu amene amadwala matenda a maganizo amayamba kudwala asanakwanitse zaka 18. Ndiye n'zomveka kuti maboma ndi mabungwe akafuna kuchitapo kanthu amathamangira kusukulu, chifukwa n'kumene achinyamata ambiri amapezeka tsiku ndi tsiku. Pagona nkhani ndi apa: akafika kusukuluko akachite chiyani, ndipo zochitazo asankhe ndani?

Phunziro labwino limene ana sanalilabadire

Njira imene imabwera msanga m'mutu ndi yolemba buku. Akatswiri akhala pansi mu ofesi, akonza maphunziro khumi, asula aphunzitsi, aphunzitsiwo akaphunzitsa ana. Zoterezi sizivuta kuwerengera, sizivuta kulembera lipoti, ndipo opereka ndalama amazikonda.

Ku Britain anaiyesa njirayi mosamala kwambiri pa kafukufuku wotchedwa MYRIAD, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Sukulu 84 ndi ophunzira oposa 8,000 anatenga nawo mbali. M'sukulu zina ana anaphunzitsidwa mindfulness, luso lokhazika mtima pansi n'kumaona zimene zikuchitika m'thupi ndi m'maganizo mwako popanda kudziweruza. Sukulu zina zinangopitiriza zimene zinkachita kale. Patatha chaka, ana amene anaphunzira luso lija sanapose anzawo pa thanzi la m'maganizo. Ambiri mwa iwo sankaliyeserera kunyumba monga anauzidwira, ndipo panali zizindikiro zoti ena amene anali kale pachiopsezo zinthu zinawaipirako pang'ono. Ku Australia nako, pulogalamu ya masabata 8 yotchedwa WISE Teens inayesedwa pa achinyamata oposa 1,000, ndipo itangotha amene anaiphunzira ananena kuti nkhawa ndi kukhumudwa zawonjezeka poyerekeza ndi anzawo.

Izi sizikutanthauza kuti maphunziro onse a m'kalasi ndi achabe. Alipo amene anathandiza. Pulogalamu ya YAM, imene ophunzira amachita masewero n'kukambirana okha zimene angachite akapanikizika, inayesedwa m'maiko 10 a ku Ulaya, ndipo patatha chaka chiwerengero cha oyesa kudzipha chinali pafupifupi theka poyerekeza ndi sukulu zimene kunalibe pulogalamuyi. Koma zimene zinachitika ku Britain zinagwedeza anthu ambiri, chifukwa zinaonetsa kuti cholinga chabwino, ndalama zambiri ndi akatswiri odziwa ntchito sizikwanira ngati mwana amene wakhala pa desikiyo sakuona kuti zimene akuuzidwazo zikumukhudza.

Kulimba mtima kumakhala kuti?

Mawu akuti kulimba mtima amasocheretsa tikapanda kusamala. Amamveka ngati khalidwe limene lili m'chifuwa mwa mwana, lakuti wina ali nalo wina alibe, ndipo wopanda nalo angolilandira ngati jakisoni. Ofufuza amene anatsatira ana kwa zaka zambiri anapeza zosiyana.

Emmy Werner ndi Ruth Smith anatsatira ana 698 amene anabadwa mu 1955 pachilumba cha Kauai ku Hawaii mpaka atakula. Pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anabadwira m'mavuto aakulu: umphawi, mikangano ya m'banja, makolo oledzera kapena odwala maganizo. Mwa ana ovutikawo, mmodzi mwa atatu alionse anakula bwinobwino, n'kukhala anthu odalirika. Chimodzi mwa zinthu zimene zinkaonekera mobwerezabwereza pa ana amenewa chinali chakuti panali munthu wamkulu, ngakhale mmodzi yekha, amene ankawasamala mosasinthasintha. Nthawi zina anali kholo, nthawi zina agogo, mphunzitsi kapena woyandikana naye nyumba. Katswiri wina, Ann Masten, anadzafotokoza kuti ana amene amapulumuka m'mavuto sakhala ndi mphamvu zachilendo ayi, koma amathandizidwa ndi zinthu wamba: ubale wabwino, sukulu imene ikuyenda, mwayi wochita chinthu n'kuchikhoza.

Tsono ngati zili choncho, mbali ina ya kulimba mtima ili mwa mwana, monga kudziwa kudziletsa mkwiyo, kuthetsa vuto, kupempha thandizo. Mbali ina, imene mwina ndi yaikulu, ili kunja kwake. Kuphunzitsa mtsikana kupuma mwakuya pamene mawa lake akumananso ndi gulu lomwe lija lomunyoza pakhomo la kalasi, kapena mphunzitsi yemwe uja womuchititsa manyazi pagulu, ndi kumusenzetsa katundu amene si wake. Ndipo zimene zili kunja kwa mwanazo munthu wochokera kutali sangazidziwe. Amazidziwa ndi anawo, makolo awo, aphunzitsi, ngakhale mlonda wapageti.

Zimene zinachitika ku Bihar

Chitsanzo chimene ine ndimachiona kuti n'chophunzitsa kwambiri ndi cha SEHER, pulogalamu imene bungwe la Sangath linayesa m'sukulu za sekondale za boma m'dera la Nalanda, ku Bihar m'dziko la India. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2018 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet.

Pulogalamuyi mtima wake sunali pa buku la maphunziro. Unali pa kusintha mmene anthu akukhalirana pasukulu. Pasukulu iliyonse panakhazikitsidwa komiti ya ophunzira, aphunzitsi, makolo ndi akuluakulu a sukulu. Panaikidwa bokosi loti wophunzira aliyense aponyemo kalata yonena chimene chikumuvuta, osalemba dzina ngati safuna. Panali nyuzi yomata pakhoma imene ana ankalemba okha, magulu a ophunzira okambirana mavuto a m'kalasi mwawo, malamulo oletsa kupezerera anzako amene anakambidwa poyera, komanso mwayi wokaonana ndi mlangizi paokha.

Sukulu 75 zinagawidwa patatu mwamaere. Gulu loyamba linangopitiriza maphunziro a boma a luso la moyo. M'gulu lachiwiri pulogalamuyi inkayendetsedwa ndi mlangizi wolembedwa ntchito imeneyi yokha, munthu wamba wophunzitsidwa kwa nthawi yochepa, amene ankatchedwa SEHER Mitra, kutanthauza bwenzi. M'gulu lachitatu inkayendetsedwa ndi mphunzitsi wa pasukulu pomwepo.

Kumene kunali mlangizi zinthu zinasintha kwambiri. Ophunzira anati sukulu yasanduka malo abwino, kupezererana ndi nkhanza zinachepa, zizindikiro za matenda ovutika maganizo zinatsika, ndipo atawaonanso m'chaka chachiwiri kusinthako kunali kutakula. Kumene ankayendetsa ndi mphunzitsi sikunaoneke kusintha. Pulogalamu imodzimodzi, mabokosi amodzimodzi, makomiti amodzimodzi.

Si kuti aphunzitsiwo anali oipa. Mphunzitsi ali kale ndi makalasi, mayeso oti achonge ndi ntchito za mu ofesi, ndiye ntchito yatsopanoyi imangobwera pamwamba. Komanso taganizirani mnyamata amene akufuna kuulula kuti amamenyedwa kunyumba, kapena kuti mphunzitsi wina amamuzunza. Angakauze munthu yemweyo amene amamupatsa malikisi ndi chilango, amene masana amakhala m'chipinda chimodzi ndi womuzunzayo? Funso limeneli katswiri atha kuliiwala akamalemba ndondomeko. Mwana wa zaka 14 sangaliiwale, ndipo mukamufunsa pachiyambi penipeni kuti angamasuke kulankhula ndi ndani, akuyankhani nthawi yomweyo.

Ku England kunachitika zofananirako ndi pulogalamu ya Learning Together, imene inayesedwa m'sukulu 40 kwa zaka zitatu. Inali ndi mbali zitatu: magulu a ophunzira ndi ogwira ntchito pasukulu okumana kuti aunike malamulo ndi mavuto a sukulu yawo, njira yothetsa mikangano poyanjanitsa olakwirana m'malo mongopereka chilango, ndi maphunziro a m'kalasi. Maphunzirowo sukulu zambiri sizinawaphunzitse mokwanira. Ngakhale zinali choncho, kupezererana kunachepako, ophunzira ananena kuti moyo ukuwakomera kuposa anzawo a m'sukulu zina, ndipo osuta ndi oledzera anali ochepa. Zikuoneka kuti chimene chinagwira ntchito chinali kukhala pansi limodzi kuja.

Kufunsidwa n'kosiyana ndi kukhala ndi mawu

Masiku ano pafupifupi pulogalamu iliyonse imati inakonzedwa limodzi ndi anthu a m'dera. Kawirikawiri chimene chinachitika ndi msonkhano umodzi, anthu n'kuuzidwa zimene zakonzedwa kale, n'kujambulidwa chithunzi. Mu 1992 Roger Hart analembera bungwe la UNICEF za makwerero a masitepe 8 oonetsa mmene ana amatengera mbali pa zinthu zowakhudza. Masitepe atatu apansi anati si kutenga mbali n'komwe: kugwiritsa ana ntchito pa zolinga za akuluakulu, kuwasandutsa chokongoletsera mwambo, ndi kuwapatsa mpando wopanda mphamvu. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, m'ndime 12, limati mwana ali ndi ufulu wonena maganizo ake pa nkhani zomukhudza, ndipo maganizowo aganiziridwe molingana ndi msinkhu wake. Gawo lachiwirilo ndi limene limaiwalika.

Njira yoyesera ngati kukonzera limodziko kunali koona ndi yachidule. Funsani kuti ndi chiyani chimene chinasintha m'pulogalamuyi chifukwa cha zimene ophunzira kapena makolo ananena. Ngati palibe woloza chinthu ngakhale chimodzi, anthuwo anangomvetsera.

Ntchito yeniyeni imayamba pulogalamu isanakhale ndi dzina. Choyamba ndi kudziwa chimene chikuvuta pasukulu imeneyi, osati pasukulu ina iliyonse. Mafunso olemba osatchula dzina amathandiza, koma palinso njira zosavuta zimene zimaulula zambiri, monga kupatsa ophunzira pepala kuti ajambule mapu a sukulu yawo n'kulemba chizindikiro pamalo amene amaopa. Akuluakulu amadabwa kuona kuti ndi kuseri kwa zimbudzi, kapena njira inayake yobwerera kunyumba, kapena ola limene aphunzitsi onse amakhala pamsonkhano.

Zimene zapezekazo ziyenera kubwerera kwa eni ake, ndipo zibwerere msanga. Apa dziko la Iceland linachita bwino. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, achinyamata kumeneko amayankha mafunso kawirikawiri okhudza moyo wawo, ndipo dera lililonse limalandira zotsatira zakezake pakangopita miyezi yochepa. Makolo, sukulu ndi akuluakulu a dera amakhala pansi n'kuona pamene pafooka. Makolo anayamba kugwirizana malamulo ofanana kuti mwana asamanene kuti kwa anzake amaloledwa, nthawi yocheza ndi ana inawonjezeka, masewera ndi zaluso zokhala ndi wowayang'anira zinachuluka. Mu 1998, achinyamata 42 mwa 100 alionse a zaka 15 ndi 16 anati analedzerapo m'mwezi wapitawo. Pofika 2016 anali 5 okha. Kunena chilungamo, kumwa kwa achinyamata kunatsikanso m'maiko ena a ku Ulaya panthawi yomweyo, ndipo kuchepa kwa mowa si umboni woti nkhawa nazonso zachepa. Komabe khalidwe lobwezera anthu manambala awo kuti asankhe okha chochita ndi lofunika kutengera.

Amene salowa m'chipinda

Sukulu ikauzidwa kuti isankhe ophunzira oti akhale mukomiti, imasankha anzeru, omvera, odziwa kulankhula. Ana amenewa ndi abwino, koma si amene pulogalamuyi inawafunira kwambiri. Wojomba kawirikawiri, wolumala, wobwereza kalasi, mtsikana amene wabwerera kusukulu atabereka, mnyamata amene aliyense amamutcha wovuta, amenewa ndi amene akudziwa pamene sukulu imapweteka. Chimodzimodzi makolo: amene amabwera kumisonkhano ndi amene ana awo akuchita kale bwino. Kuti enawo amveke pamafunika kuwatsatira, kukumana nawo panthawi imene angathe, ndipo nthawi zina kuwakumanitsa paokha, chifukwa mwana sangatsutse mphunzitsi wamkulu maso ndi maso, ndipo atsikana ena salankhula anyamata ali pomwepo.

Ndipo tisanamizane, anthuwa akakumana sagwirizana. Makolo atha kunena kuti vuto ndi mafoni ndi kusowa mwambo. Ana atha kunena kuti vuto ndi mantha a mayeso, kunyozedwa, ndi kusowa wowamvetsera kunyumba. Aphunzitsi atha kunena kuti iwonso atopa ndipo palibe amawafunsa. Onsewa akunena mbali ya choonadi. Wotsogolera zokambirana akathamangira kuphimba kusiyanako kuti msonkhano uthe mwamtendere, mawu a wamphamvu ndi amene amapambana, ndipo wamphamvuyo sakhala mwana.

Mawu ogwiritsa ntchito nawonso ndi oti asankhidwe limodzi. M'madera ambiri mukangotchula matenda a maganizo anthu amamva misala, ndipo palibe kholo limene lingalole mwana wake kulowa m'gulu la dzina lotero. Ku Kenya, pulogalamu ya Shamiri, imene Tom Osborn anayambitsa ndi anzake, inazemba msampha umenewu. Dzinalo m'Chiswahili limatanthauza kukula bwino. Magulu amakumana ola limodzi pasabata kwa masabata anayi, otsogolera ndi achinyamata amene angomaliza kumene sekondale, ndipo nkhani zake ndi zoti munthu angathe kusintha ndi kukula, kuyamikira, ndi kudziwa mfundo zimene umaziona kuti n'zofunika pamoyo wako. Atayesa pa ophunzira 413 a ku Nairobi ndi Kiambu amene anali ndi zizindikiro za nkhawa kapena kuvutika maganizo, zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti zizindikirozo zinatsika kuposa za anzawo amene anaphunzitsidwa luso lowerengera mayeso.

Pamene maganizo a anthu sakwanira paokha

Pali chinthu chimene okonda njirayi sakonda kuchinena. Anthu a m'dera nawonso amalakwitsa. Atha kufuna kuti ana aziopsezedwa ndi zithunzi zoopsa za mankhwala osokoneza bongo, kapena kuitana mlendo adzalankhule tsiku limodzi, zinthu zimene zimasangalatsa akuluakulu koma sizisintha khalidwe la ana kwenikweni. Atha kuumirira chikwapu. Kukonzera limodzi sikutanthauza kuti katswiri atseke pakamwa.

Njira ya Communities That Care, imene David Hawkins ndi Richard Catalano a ku University of Washington anakonza, inayesa kugwirizanitsa ziwirizi. Gulu la anthu a m'dera limaunika zimene achinyamata awo ayankha, n'kusankha mavuto awiri kapena atatu oti ayambe nawo. Koma posankha chochita, amasankha pa mndandanda wa mapulogalamu amene anayesedwa kale n'kupezeka kuti amathandiza. Atayesa m'matauni 24 a ku America, achinyamata a m'matauni otsatira njirayi ankachedwa kuyamba mowa, fodya ndi kuswa malamulo. Eni dera amadziwa pamene pakupweteka. Ofufuza amadziwa mankhwala amene anayesedwapo. Aliyense akayesa kugwira ntchito ya mnzake zimavuta.

Kuyeza zotsatira nakonso n'kofunika, ngakhale pulogalamuyo anthu aikonde bwanji. Ku Uganda, bungwe la Raising Voices linakonza Good School Toolkit, imene ophunzira ndi aphunzitsi amayendetsa limodzi pofuna kuthetsa nkhanza. M'sukulu za pulayimale 42 za m'boma la Luwero, patatha miyezi 18, ana amene anati amenyedwa ndi wogwira ntchito pasukulu m'sabata yapitayo anali 31 mwa 100 alionse m'theka la sukuluzo limene linali ndi pulogalamuyi, pamene m'sukulu zopanda pulogalamuyi anali 49. Kumeneku ndi kupambana kwakukulu. Koma pa muyezo wa thanzi la m'maganizo sipanaoneke kusiyana panthawiyo. Akanapanda kuyeza, aliyense akanangoganiza kuti zonse zayenda limodzi. Ndipo poyezapo pafunika kufunsanso ngati alipo amene zawaipira, osati kungowerenga amene zawakomera.

Bokosi likatsegulidwa

Mukauza achinyamata kuti alankhule, ena alankhuladi, ndipo zina zimene anganene ndi zolemera: kugwiriridwa, kumenyedwa, maganizo ofuna kudzipha. Sukulu imene yaika bokosi la makalata isanakonze kuti kalata yotere ikapezeka ipita kwa ndani, yaika ana pangozi. Pulogalamu isanayambe payenera kudziwika munthu amene adzalandire nkhani zotere, chipatala kapena ofesi yoteteza ana kumene adzatumizidwe, ndi amene adzatsatire kuti mwanayo wafikadi. Ana auzidwe poyera kuyambira tsiku loyamba kuti chinsinsi chawo chidzasungidwa, kupatula ngati moyo wawo kapena wa wina uli pangozi. Kufunsa wachinyamata mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, kafukufuku anatsimikiza zimenezi, koma wofunsayo ayenera kudziwa chochita akayankhidwa kuti inde.

Atsogoleri achinyamata anzawo amafunika chisamaliro chapadera pamenepa. Ndi othandiza kwambiri chifukwa anzawo amawakhulupirira, koma mwana wa zaka 16 sayenera kugona ndi chinsinsi cha mnzake wofuna kudzipha. Ntchito yake ndi kumvetsera n'kumuperekeza kwa wamkulu, ndipo iyenso akhale ndi wamkulu womufunsa kawirikawiri kuti zikumuyendera bwanji.

Chotsala ndi ndalama. Njira imene inagwira ntchito ku Bihar inafuna munthu wowonjezera wolandira malipiro pasukulu iliyonse, ndipo imene inali yotchipa, yongomuwonjezera mphunzitsi ntchito, ndi imene sinaphule kanthu. Mapulogalamu ambiri amayenda zaka ziwiri kapena zitatu ndi thandizo lochokera kunja, kenako mlangizi amachoka, komiti imasiya kukumana, bokosi limatsala pakhoma likudzaza makalata amene palibe akuwawerenga. Mwana amene anaponyamo kalata yake n'kudikira osayankhidwa savutikanso kulemba ina. N'chifukwa chake nkhani ya amene adzalipire mlangizi thandizo likadzatha, ndi amene adzasunge kiyi wa bokosilo, ndi yoti ikambidwe pamsonkhano woyamba, makolo, ophunzira ndi akuluakulu a zamaphunziro onse ali pomwepo.